Masamu a Apongozi

Amama anabwerako ku msonkhano wa alimi achizimayi ku Chipata atasinthiratu. Anapita ndi dandaulo la mitengo ya soya, anabwera ndi nkhani ya mayi wina wa ku Kenya, phungu wa Nyumba ya Malamulo ya kwawoko, amene anali mlendo wolemekezeka. Mayiyo akuti anasiya sukulu ali mtsikana, nabwerera m'kalasi ali ndi zidzukulu kale. Analemba mayeso limodzi ndi ana, anakhala khansala, kenako phungu, ndipo digiri anaitenga ali pampando. Nkhaniyi tinaimva kudimba, tinaimva pochokera kutchalitchi, mpaka mayi wa ku Kenyayo tinayamba kumudziwa ngati wa m'mudzi mwathu momwe muno.

Kunena zoona, anthu a dera lathu, pakati pa Katete ndi Sinda, anali atawanyengerera kale amama kuti aime pa chisankho cha phungu. Dzina la Getrude Nyendwa silinali lachilendo kwa aliyense. Anatsogolera Chigwirizano cha amayi ku mpingo wa Reformed zaka zambiri, mjigo wa pasukulu unakumbidwa chifukwa cha pakamwa pawo, ndipo ogula mpendadzuwa a masikelo akuba ankalongedza akangomva kutsokomola kwawo. Chinkawatsekereza ndi pepala la Giledi 12, limene lamulo limafuna kwa aliyense wofuna uphungu. Iwo sukulu anasiyira Giledi 9.

Analembetsa mayeso a akuluakulu, nakhoza Chingerezi, Chinyanja, za Baibulo ndi za mbiri yakale. Linatsala phunziro limodzi kuti pepala likwane, masamu, ndipo masamuwo anawagwetsa kawiri. Mayeso a chaka chimenecho anali omaliza chisankho chisanafike. Kulepheranso kukanatanthauza kuti chipani chitenga munthu wina, iwo n'kudikira chisankho chinacho ndi maondo awo otupawo.

Mphunzitsi wa masamu wodalirika kuno anali mmodzi yekha, ndipo ndi amuna anga, a Robson.

Tsono a Robson kwawo ndi ku Vubwi, kufupi ndi malire a Mozambiki, kumene mkamwini amaopa apongozi kuposa njoka. Chikwatiraneni, anali asanawayang'anepo amama kumaso. Akakumana panjira ankapatukira m'chimanga, njinga ndi zonse, n'kukatulukira tsidya lina masokosi ali chisoso chokhachokha. Munthu wa dipuloma, wovala tayi! Ine zinkandiseketsa, koma amama ankanyadira, amvekere mwana wawo anakwatiwa kwa anthu odziwa ulemu.

Tinapangana chonchi. Akaweruka kusukulu, a Robson ankabwera kwa amama n'kukhala pampando kuseri kwa nyumba, nkhope atalozetsa kunkhokwe. Amama ankakhala m'nyumba patebulo pafupi ndi windo. Ine ndinali mlatho. Ndinkanyamula funso kuseri kupita nalo m'nyumba, n'kunyamula yankho m'nyumba kubwera nalo kuseri. Ine amene masamu ndinakhoza mwa chisomo chokha, ndinkatenga mawu a a Robson athunthu n'kukawafikitsa atatayikira theka panjira. Madzulo aliwonse miyendo inkandiwawa ngati ndachokera kuchigayo cha ku Sinda wapansi.

Koma vuto lenileni silinali ine. A Robson pakamwa pawo sipankatha kutuluka mawu akuti apongozi alakwa. Amama akaphonya pang'ono, ankati, "Kawauzeni amayi kuti ayandikira." Akaphonyeratu, yankho lili ku Lusaka iwo ali ku Chadiza, ankakanda m'mutu n'kunena kuti njira imene amayi adzera ndi yawoyawo koma ili ndi nzeru. Cholembera chofiira chimene ana a sukulu ankachiopa sichinatulukepo m'thumba. Ndinawafunsa tsiku lina kunyumba ngati amama akukhozadi, iwo anangoti munthu wamkulu sathamangitsidwa, n'kutuluka kukamanga mbuzi.

Amama mtima unakhala m'malo. Anauza amayi a Chigwirizano kuti masamu tsopano akuwasenda ngati mtedza. Ena anayamba kale kuwaitana kuti aphungu, iwo n'kumakana mwa ulemu uku akumwetulira.

Mayeso enieni atayandikira, ahedi anakonza mayeso oyeserera a akuluakulu onse, ndipo wochonga anali mphunzitsi wa sukulu ina amene sankadziwa za upongozi wa munthu. Pepala la amama linabwera lofiira ngati pophera mbuzi. Ndinali nawo pakhonde pamene analitambasula. Ndinachita mantha, ndiponso ndinawamvera chisoni.

Sanalire. Anamanga chitenje, analowa m'khola, natuluka ndi tambala wawo wamkulu uja wofiira atamupanira m'khwapa. Pepala lili kudzanja linalo, anauyatsa ulendo wa kusukulu dzuwa lili paliwombo. Ine ndinawatsata pambuyo ndikupempha kuti tidikire madzulo, koma ndinkangolankhula ndi msana.

A Robson anali m'kati mophunzitsa Giledi 11. Ataona amene waima pakhomo anayang'ana uku ndi uku, koma m'kalasi mulibe chimanga. Anatembenukira kubolodi n'kuima chilili, choko chili m'manja.

"Atate ake Chiyembekezo," anatero amama, "tembenukani."

"Amayi, pepani, mwambo sulola," anayankha a Robson, akulankhula ndi bolodi.

"Mwambo ndi uwu ndanyamulawu. Kwathu kuno apongozi akapereka nkhuku kwa mkamwini, manyazi atha. Akuluakulu tidzawaitana adzadye nawo, ine nthawi ndilibe. Ulemu wanu wandigwetsa, atate. Landirani tambala, mundiyang'ane."

A Robson anatembenuka pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu, nalandira tambalayo ndi manja awiri atawerama. Anayang'ana mapazi a amama kaye, kenako pepala, ndipo pomaliza anakweza maso. Amama analoza funso loyamba ndi chala n'kufunsa ngati akhoza kapena alakwa.

"Mwalakwa, amayi."

"Lachiwiri?"

"Mwalakwanso."

"Nanga lachitatuli?"

A Robson analiyang'ana nthawi yaitali. "Ili ndiye sindidziwa n'komwe kumene munalitenga."

Mtsikana wina kumbuyo analephera kudzigwira, kalasi yonse n'kuphulika, tambala nayenso n'kuyamba kukupiza mapiko. Amama anaseka mpaka kugwira chitseko. Atapukuta misozi anakankha mnyamata wa kutsogolo kuti asendere, nakhala pabenchi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinamudziwa mwamuna wanga wina. Munthu amene ankathawira m'chimanga uja anasanduka chilombo. Ankawalanda foni amama pa nthawi ya phunziro. A chipani akabwera ndi galimoto kudzakambirana za misonkhano, ankawadikiritsa pansi pa mtengo mpaka funso lithe. Funso limodzi ankawabwereza nalo mpaka amama kuponya pensulo pansi, iye n'kuitola, kuisongola, n'kuwabwezera. Amama ankabwera kwa ine kudzadandaula kuti tambala uja anamutaya, amvekere akanadziwa kuti mkamwini wawo ali ndi pakamwa potere akanamusiya kuseri konkuja. Mawa lake ankakhala oyamba kufika.

Amene ankafunanso mpandowo m'chipani anayamba kuwaseka pamisonkhano, ati dera lisatumize ku Lusaka agogo a yunifolomu. Amama anangoyankha kuti yunifolomu alibe, koma akaipeza ya saizi yawo avala. Amayi a m'midzi anaikonda nkhani imeneyo, ndipo ena atatu anakalembetsa nawo sukulu ya masana.

Zoti chipani chinawatenga, ndipo chaka chotsatira anapambana chisankho, aliyense kuno akudziwa. Akalankhula m'Nyumba ya Malamulo timasonkhana pa TV ya kugolosale, a Robson n'kumagwedeza mutu akatchula maperesenti molondola. Koma ine tsiku limene ndimalisunga si la chisankho. Ndi la zotsatira za mayeso.

Zinabwera pafoni, m'mawa, tikutonola chimanga pabwalo. Foni italira amama anaiyang'ana ngati yotentha, n'kuipereka kwa a Robson osaitsegula. Iwo anawerenga, anavula magalasi, anawapukuta, nawerenganso.

"Mwakhoza, amayi."

Amama anawayang'anitsitsa. "Mukunena zoona, kapena ulemu wayambiranso?"

A Robson anangowapatsa foniyo, ndipo amama anawerenga okha, milomo ikuyenda. Ndinkayembekeza nthungululu, kapena kuti athamangira kwa abusa. M'malo mwake anakhala pansi pa mulu wa zitsononkho, nandikoka dzanja kuti ndikhale nawo pafupi.

"Brenda," anatero motsitsa mawu, "sukulu ndinasiya ndili ndi mimba yako. Tsiku limene ndinabweza mabuku kwa ahedi ndinalira njira yonse, ndipo ndinkaopa kuti ndidzakuda ukabadwa. Sindinakude ngakhale tsiku limodzi. Taona lero, amene anandichotsa m'kalasi ndi yemwe wanditengera mphunzitsi."

Zaka zawo ndi zanga ndinali nditaziwerengera kale ndekha ndili mtsikana, koma iwo anali asanandiuzepo, ndipo ine ndinali ndisanafunsepo. Ndinalira ngati mwana, nkhope ili pachitenje chawo, iwo akundisisita kumsana n'kumandiuza kuti ndisawanyowetsere foni.