Zitini za Pilirani

Elenala anali ataimba wezulo mpaka masaya kuwawa. Foni inabwera cha m'ma leveni kuchokera kumtunda, kwa bambo amene ankayang'anira mtengo wopakidwa utoto woyezera madzi m'mphepete mwa mtsinje wa Likangala. Madzi anali atadutsa pachikasu, atafika pofiira. Chodabwitsa, kwa Mwambo dzuwa linali likuswa mtengo. Mvula yonse inagwera kuphiri la Zomba, ndipo tsopano inali panjira kubwera kwa anthu amene sanaione n'komwe.

Iye ndiye ankasunga wezulo wa komiti yoona za ngozi m'mudzimo, ndipo ntchitoyo ankainyadira. Anathamanga khomo ndi khomo, anakoka nkhalamba ina imene inkakanirira pa nkhuku zake, anabereka mwana wa eni. Pofika kusukulu, pamtunda pamene anagwirizana kuti azithawira, mtima wake unali m'malo.

Aphunzitsi a Makisoni anaimika ana m'mizere, monga anayeserera milungu iwiri yapitayo, n'kuyamba kuitana mayina m'kaundula. Harry anavomera. Mary anavomera. Elenala atamva mawu a ana ake awiriwo anapuma mozama, n'kukhala pansi pamtengo wa mango.

"Onse alipo!" anatero aphunzitsiwo, anthu n'kuwomba m'manja. Kenako anatembenukira kwa Elenala. "Watsala Pilirani wanu yekha, wa malungo uja. Mwamugoneka kuti? Abwere m'kalasi muno, muli mkeka."

Elenala anadzambatuka pamene anakhalapo.

Pilirani sankadwala. Anali mwana wamkazi wa malemu mkulu wake wa Elenala, wa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo milungu itatu tsopano ankadzuka m'mamawa kupita kusikimu ya mpunga kukaingitsa mbalame. Chimanga chinali chitapsa ndi dzuwa mu Januwale, mpunga wokha ndiwo unatsala, ndipo mpheta zinkatera ngati mtambo. Mwamuna wake wa Elenala, Jafeti, ndiye anati mwana mmodzi ayambe waleka sukulu mpaka mpunga utadulidwa. Sanatchule Harry, sanatchule Mary. Elenala naye sanafunse chifukwa chake. Bodza la malungo analipeka yekha, tsiku limene aphunzitsi anamufunsa pachigayo.

Ndipo lero, m'kuthamanga konse kuja, mwanayo sanamubwerere m'mutu ngakhale kamodzi. Akanakhala Harry sakanamuiwala. Izi anazidziwa pomwepo, ndipo manyazi anamugwira kuposa mantha.

Jafeti anatulukira pa njinga kuchokera ku Kachulu, thumba la matemba lili kumbuyo, thukuta lili kamukamu.

"Amake Harry, ana ali bwino?"

"Pilirani ali kuti?"

"Mukundifunsa ine? Si inu muli ndi wezulo? Ndimayesa mwamutuma munthu."

"Ndimayesa mudzera kusikimu pobwera!"

"Msewu wakusikimu mulibe, mayi. Madzi okhaokha."

Anthu anali atayamba kuwazungulira. Mayi wina amene munda wake unali pafupi ndi wawo anati iye mwana wake anakamutenga yekha foni itangomveka, ndipo anaona kamtsikana pansanja yoingitsira mbalame chapatali, koma anaganiza kuti eni ake akubwera.

"Koma wezulo waumva," anatero Jafeti. "Umamveka mpaka kusikimu. Ayenera kuti wathawa."

Aphunzitsi a Makisoni anapukusa mutu. "Bambo, kusikimu ana amaimba mawezulo ndi kumenya zitini kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wa mbalame ndi wa madzi ausiyanitsa bwanji? Anzake tinawaphunzitsa kuti ukalira katatu motalika, thawani. Tsiku limenelo iye kunalibe. Munati akudwala."

Elenala anavula wezulo m'khosi n'kuyamba kutsetsereka.

"Mayi, imani!" Anali a Bakali, tcheyamani wa komiti, msodzi wakale wa imvi kumutu. "Lamulo lija munkaliwerenga ndinu pamsonkhano. Wafika pamtunda sabwereranso."

"Ndinaliwerenga, inde. Mundichotse m'komitimo mawa, a Bakali. Lero ndikupita."

A Bakali anamuyang'ana, n'kuyang'ana Jafeti. "Ndiye mupita wapansi ngati ng'ombe? Amwene, siyani matembawo, sathawa. Tiyeni tinyamule bwato."

Bwato linali kuseri kwa nyumba ya a Bakali, ndipo madzi anali atafika kale pamenepo, ofiira, atanyamula mapesi ndi nkhuku yakufa. A Bakali anaima kumbuyo akukankha ndi nsungwi yaitali. Minda sinkadziwikanso malire ake. Pamene panali tinjira ta pakati pa mpunga pankangooneka nsonga za udzu zikugwedezeka. Pa ngalande yaikulu madzi analikoka bwatolo cham'mbali, Jafeti n'kugwira bango ndi manja awiri mpaka linamucheka.

"Pilirani!" Elenala anakuwa. "Piliraniii!"

Kunali zii. Kusikimu kumene masiku onse kumakhala phokoso la ana ndi zitini kunkangomveka madzi okha. Elenala anayamba kupemphera, koma pemphero linkathera pa dzina la mkulu wake, amene anamugwira dzanja m'chipatala n'kunena kuti mwanayu ndi wako.

"Uko!" anatero a Bakali.

Nsanja inali itapendekeka, mtengo wake umodzi utazuka. Pamwamba pake panali kamtsikana katanyonyomala, madzi atatsala chikhatho chimodzi kuti akhudze mapazi ake. M'dzanja kanali katagwiritsa chingwe chija chimene amamangirira zitini kuti akachikoka zizilira munda wonse. Chingwecho chinali chitaduka, chikungovinavina m'madzi.

Jafeti anadumphira m'madzi ofika pachifuwa n'kumunyamula. Mwanayo anali wozizira ngati mwala wapamtsinje. Elenala anamukulunga m'chitenje, akulira mosabisa.

Pilirani anamuyang'ana ndi maso a mantha. "Amayi, musandikalipire. Zitini zapita ndi madzi. Ndinayesetsa kuzikoka."

"Bwanji sunathawe, mwanawe? Madzi sunawaone?"

"Ndinawaona. Koma abambo anati ndikachoka dzuwa lisanalowe, mbalame zikadya mpunga, tonse tigona ndi njala chifukwa cha ine."

Jafeti anali atagwira m'mphepete mwa bwato, madzi akumuwomba. Anayang'ana kumbali.

Madzi anaphwa patatha masiku anayi. Mpunga wa m'munsi unagona m'matope, koma wa kumtunda kwa munda unapulumuka, ndipo mpheta zinabwerera tsiku lomwelo. Pamsonkhano wa komiti Elenala anaimirira asanapatsidwe mpata, n'kuulula za bodza la malungo pamaso pa onse. Anapempha kuti m'buku la komiti alembe mwana aliyense wa m'mudzimo, wa pasukulu ndi wosapita, ndi kumene amakhala masana. Atayamba kuwerenga khomo ndi khomo, anapezeka ana khumi ndi anayi amene kaundula wa aphunzitsi sankawaona. Makolo ena anawerama.

Lolemba m'mawa Pilirani anadzuka kusanache monga anazolowera, n'kuyamba kufunafuna zitini zina kuseri kwa nyumba. Anapeza Jafeti atakhala pamtondo, ataziboola kale, akuzimangirira ku chingwe chatsopano ndi dzanja lake lokulungidwa ndi nsanza.

"Abambo, ndipatseni ndizipita. Mbalame zimalawira."

"Yunifolomu yako ili pachingwe apo," anatero Jafeti osadzutsa mutu. "Fulumira, anzako akusiya."

Anakoleka zitinizo paphewa, nayamba kutsetsereka kulowera kusikimu. Zinkalira pamsana pake njira yonse, ndipo amuna anzake amene ankapita ku Kachulu anaima ndi njinga zawo kumuyang'ana.