Chilazi cha Dokotala Vake ndi Nkhumba ya Amalume

Pa koleji yathu munthu sakwezedwa kukhala pulofesa chifukwa cha nzeru zokha. Mphika wake umayenera kukhala pa mafuwa atatu: kuphunzitsa, kafukufuku, ndi chimene akuluakulu amachitcha kufikira anthu a m'midzi. Dokotala Penisimani Vake, dokotala wa zomera osati wa jakisoni, mafuwa awiri oyambawo anali nawo olimba ndithu. Lomalizali ndilo linkamusowa, ndipo chaka chilichonse komiti inkamubweza ndi mawu okoma.

Chinamupalamulira ndi pakamwa pake. Atangobwera kuchokera ku sukulu ku Brisbane, ku Australia, mutu udakali wotentha, Peni anapita pa wailesi n'kunena kuti mwambo wa fahu ndi umbava wovala mkeka m'chiuno. Kuno ku zilumba za Tonga ngakhale mwana amadziwa kuti mlongo wa bambo ako ndiye fahu wako: pa phwando lako amakhala pampando wapamwamba, chimene maso ake akonda n'chake, iwe n'kuthokoza. Nawenso ukapita kwa amalume ako umanyamula chimene wafuna, iwo n'kuthokoza. Peni anati zonsezi n'kuba, ndipo pofuna kuonetsa chitsanzo analumbira kuti sadzatenga ngakhale kokonati imodzi kwa amalume ake, a Lisiate a ku Fahefa. Kuti lumbirolo lisamuvute kusunga, anangosiya kupitako. Chimwalirire mayi ake sanapondekonso.

Chikondi chimene anamana abale anachipereka kwa chilazi. Kwa zaka zoposa khumi anakhala akukwatitsa mitundu ya zilazi mpaka anapeza mtundu umene sufa madzi a m'nyanja akasefukira m'munda. A ku Australia anamuitana n'kumupatsa mphoto, mbale yagalasi yosadyera kanthu, ndipo nyuzipepala ya koleji inaika nkhope yake patsamba loyamba. Zimene nyuzipepalayo sinalembe n'zakuti iye ali kumeneko kuomberedwa m'manja, kuno mphepo yamkuntho inathimitsa magetsi, timbewu tonse ta m'firiji tinaola, ndipo nkhumba za anthu oyandikana ndi koleji zinadutsa pampanda wogwa n'kudzichitira phwando m'munda woyeserera. Chinatsala chilazi chimodzi chokha. Chinali chachitali ngati mwana wa sitandade wani, chaubweya, chonyansa ndithu, ndipo Peni ankachisunga mu ofesi mwake pampando wa alendo podikira nyengo yodzala. Chikanangotayika chimenecho, mtundu wonsewo unali utatha.

Mkulu wa koleji anali Pulofesa Gwenda Pickering, mayi a ku Adelaide amene ankakonda miyambo yathu kuposa ife eni ake. Mkeka wawo wa m'chiuno, chovala chathu cha ulemu, unkayambira m'khwapa mpaka m'mapazi ngati wa pamaliro, moti alendo ankawapepesa poganiza kuti aferedwa. Analemba buku lonenepa lonena za fahu, ndipo mtima wawo unali wabwino m'njira yoopsa ija imene munthu sungaikane. Iwowa ndi amene anaganiza zomupezera Peni fuwa lachitatu. Anati koleji yonse ipite ku Kolonga, kumudzi kwa malemu bambo ake, ndi tenti, kwaya ya ophunzira ndi wojambula zithunzi, ndipo chilazicho chikaikidwe patebulo kuti anthu achione ndi maso. Peni anayesa kunena kuti angotenga chithunzi chake. Mayiwo anaseka, nati alimi sadzala zithunzi.

"Ndawaitananso azakhali anu, a Kalolaine," anatero mayiwo, Peni ali kale pakhomo. "Ndinapita ndekha kwawo. Mayi amene aja, a Vake, ndi buku langa lenileni loyenda ndi miyendo."

Peni anafuna kukana. Koma munthu wofuna upulofesa sauza mkulu wa koleji kuti walakwitsa, choncho anangoti zikomo. Ataganiza, anaona kuti nzeru n'kutchera misampha. Anagula keke ya nsanjika zitatu, anabwereka kwa mkazi wake Seini mkeka wabwino wa ukwati wawo, anapukuta mbale yagalasi ija mpaka kuwala, kuti zonsezi akaziike pafupi ndi mpando wa azakhali ndipo chilazi chikakhale kumapeto kwenikweni kwa tebulo.

Tsikulo linayamba monga amayambira masiku otere. Wa masamu anafotokozera asodzi za mafunde ndi choko. Wa ndakatulo anawerengera madoda amene anali atamwa kale kava, chakumwa chathu cha mizu chogonetsa, iwo n'kumavomera ndi mitu chifukwa cha tulo. Wa sayansi ya mankhwala anapanga sopo pamaso pa amayi amene amapanga sopo sabata iliyonse. A Kalolaine anafika zonsezi zitatha, monga ayenera kufikira munthu wodziwa kuti palibe chingathe iye asanabwere. Anakhala pampando wawo, nadzikupiza ndi chokupizira cha masamba, nayamba kuyendetsa maso. Keke anaiyang'ana n'kunena kuti adokotala anawaletsa shuga. Mkeka anaugwira n'kunena kuti amaudziwa, unali wawo asanaupereke. Mbale yagalasi anaitembenuza, naigogoda ndi chala, naibweza. Kenako chokupizira chija chinakwera pang'onopang'ono n'kuloza kumapeto kwa tebulo.

"Peni, mwana wa mchimwene wanga, kambatata kako ako kandiikire m'galimoto."

"Azakhali, chimenecho si changa kwenikweni. N'cha kafukufuku."

"Eya. Ndinamva pa wailesi muja kuti ife ndife mbava. Nanga mbava imafunsa kuti ichi n'cha yani?"

Mudzi wonse unaseka, ngakhale madoda ogona aja. Peni anayang'ana kwa mkulu wa koleji kuti mwina amupulumutsa, koma mayiwo anali atagwira pachifuwa, misozi ili lende, akukodola wojambula kuti asaphonye. Panalibe mtengo wogwira. Anachinyamula yekha m'manja ngati mwana wodwala, anawerama monga mwa mwambo, nachigoneka kumbuyo kwa galimoto ya azakhali pakati pa tayala ndi thumba la anyezi. Chithunzi chake chinatuluka bwino kwambiri. Nyuzipepala ya koleji inalemba kuti Dokotala Vake apereka zipatso za sayansi kwa anthu, ndipo a komiti anayamba kumupatsa moni wa manja awiri. Upulofesa unali panjira. Peni sanasangalale ngakhale pang'ono, anangoti ndwii kuyang'ana mpando wa alendo wopanda kanthu.

Kukapempha kwa azakhali kunali kosatheka, chifukwa chimene fahu watenga chapita. Koma chinthu chachikulu sichikhalitsa m'nyumba imodzi kuno, ndipo foni ya Seini imadziwa nkhani za amayi a matchalitchi onse pachilumba. Iye ndiye ankabweretsa malipoti. Azakhali sanachidye, anapita nacho kumaliro a kuchimuna kwawo kuti anthu aone kuti iwo sabwera ndi chinangwa. Pogawa za pamaliro chinapita kwa abusa amene analalikira. Abusawo anali a ku Fahefa, ndipo mayi busa anachipereka kwa munthu amene anawafolerera khitchini mphepo ija itasasula denga. Apa Seini anaika foni pansi n'kumuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali.

"Chili kwa amalume ako a Lisiate. Mulungu amakukondatu iwe. Pita ukangochinyamula, sufunika ngakhale odi."

Peni anayamba za lumbiro lake, za wailesi, za ulemu wa munthu wosauka. Seini anamufunsa ngati lumbiro limaphuka likadzalidwa. Peni anagonja, koma anagonja mwa anthu ophunzira: m'malo mokwera galimoto nthawi yomweyo, anayamba waimba foni, chifukwa ku Brisbane munthu safika pakhomo pa mnzake mosadziwitsa. Amalume atamva mawu ake anafunsa kuti wamwalira ndani. Peni anati palibe. Za chilazi sanatchule, manyazi atamugwira, ndipo anangoti abwera Lamulungu anthu akaweruka ku tchalitchi, kudzangowaona.

Anafika pa galimoto ya koleji dzuwa lili paliwombo. Pansi pa mtengo wa mango panali patayalidwa mikeka, anthu oyandikana nawo atabwera ndi ana omwe. A Lisiate anali atakalamba kuposa mmene iye ankawakumbukirira, tsitsi lonse mbuu, koma nkhope inali ya mayi ake yeniyeni, ndipo izi zinamupweteka. Amalumewo anamukumbatira, namukhazika pamalo apamwamba, nathamangira kuseri kwa nyumba kukafukula umu, dzenje la miyala yamoto limene banja lililonse limaphikiramo Lamulungu. Kunabwera nsomba, kunabwera nyama ya m'chitini yokulunga m'masamba a koko, kenako ana awiri anabwera atanyamula tsamba la nthochi lodzaza zigawo zoyera, zofuka nthunzi. Chigawo chilichonse chinali ndi kamzere kofiirira m'mphepete. Padziko lonse panali mtundu umodzi wokha wa chilazi wa kamzere kameneko, ndipo Peni anaulembera pepala la masamba makumi atatu.

"Abusa anandipatsa, ine n'kumati ndichisungire Khirisimasi," anatero amalume akumwetulira. "Koma mwana wa mlongo wanga abwere, ine n'kumuphikira chinangwa? Idya, Dokotala."

Anadya. Akanatani? Chinali chofewa, chotsekemera pang'ono, chokoma kuposa mmene anachitamira m'pepala lija. Misozi inayamba kugwera patsamba. Amayi anagwedezana, nati taonani wakumbukira mayi ake, ndipo sikuti ananama kwenikweni, chifukwa pofika chigawo chachitatu iye mwini sanadziwe chimene ankalirira.

Atasamba m'manja, amalume anaimirira n'kumuuza mokweza, kuti aliyense amve, kuti ayende pakhomo ponse aone chimene mtima wake ukufuna. Peni anayenda ngati woledzera. Panalibe zambiri zoti n'kuona: ukonde, wailesi, njinga yopanda unyolo, ndi m'khola nkhumba imodzi yonenepa imene aliyense ankadziwa kuti ikusungidwira ukwati wa Lupe, mwana wawo wotsiriza. Pafupi ndi kholalo panali chidebe cha zakudya za nkhumbayo. Pamwamba pa makoko panali mutu wa chilazi, kachigawo kolimba kaja kamene ophika amadula n'kutaya, kakakulu ngati chibakera, diso lake lophukira lili bwinobwino. Peni anagwada, nakatola, nakapukuta ndi malaya ake a Lamulungu. Anabwerera pansi pa mango nkhope ikuwala, nati wapeza, ichi n'chokwanira, safunanso china.

Oyandikana nawo anayamba kuyang'ana mapazi awo. Amalume anamuyandikira nalankhula motsitsa, koma chifukwa cha bata aliyense anamva.

"Mphwanga, anzanga ku kava akhala akundiseka zaka zonsezi. Ati ana a alongo awo amawalanda mabwato, koma nyumba ya Lisiate ilibe kanthu koti mphwake wophunzira n'kusirira. Ine ndinkati watanganidwa, adzabwera. Lero wabwera, pamaso pa onsewa, n'kukatola za m'chidebe cha nkhumba."

Mawu onse a pa wailesi aja anali m'mutu mwa Peni, ndipo panalibe ndi limodzi lomwe limene akanauza munthu wokalambayo. Anachita manyazi aakulu kuposa a ku Kolonga. Anayang'ana Lupe, Lupe anayang'ana bambo ake, kenako anagwedeza mutu pang'ono ngati wouza munthu kuti tachita msanga. Peni anakweza dzanja n'kuloza kukhola.

"Malume, simunandimvetse. Kachilazika n'kamba wa nkhumba yangayo panjira."

Amayi analulutira. A Lisiate analumpha mpanda wa khola ngati mnyamata, ndipo anakana kuti wina awathandize kumanga miyendo. Lupe anabweretsa chingwe, akuuza msuweni wake kuti pa ukwati asadzabwere ndi mbale yagalasi. Nkhumba inakwezedwa kumbuyo kwa galimoto ya koleji, ikulira mudzi wonse kumva, ndipo Peni anakulunga mutu wa chilazi m'kansalu n'kuuika pamiyendo pake, kutali ndi mphuno ya mnzake wa paulendoyo.

Atafika pokhotera anayang'ana pagalasi. Amalume ake anali pakati pa msewu, opanda nsapato, akuimitsa anthu ochokera ku mapemphero a masana mmodzimmodzi, akuloza galimoto, chifuwa chili patsogolo.

"Mwamuona? Ndi mwana wa mlongo wanga uyo, wa ku yunivesite. Nkhumba inali yokhayo, ndipo wangoitenga osafunsa n'komwe."