Magazi a Nambala 14

Eliwaza Kimaro anayang'ana timaenje ta pambale yapulasitiki yoyezerapo magazi.

Ntchito yake mu labotale ya ku Moshi inali yomweyi chaka chonse. Pakati pa maselo a m'thupi pamakhala ulusi wa mapuloteni umene umagwira mnofu pamodzi. Ulusiwo ukadukaduka m'mfundo za munthu wa nyamakazi, asilikali a m'magazi amayesa zidutswazo ndi mdani, n'kuyamba kutupitsa mfundo zomwezo. Eliwaza ankathira magazi pa zidutswa zoterezi. Asilikali akalusa, timadzi ta m'kaenje tinkasanduka tachikasu.

Poyerekezera pamafunika magazi a anthu abwinobwino. Nanga munthu wolola kubayidwa ulele ungamupeze kuti? A mu labotale amangopinda malaya n'kubayana okhaokha, ngakhale lamulo limaletsa kuyeza magazi ako omwe. Lolemba Eliwaza anapereka mkono wake, pabotolo n'kulembapo 14.

Tsopano timaenje ta abwinobwino tinali mbee, kupatula kamodzi. Ka 14 kanali kachikasu kwambiri ngati papaya wakupsa, kuposa ta odwala enieniwo.

Mzee Kibwana, bambo wachikulire woyang'anira makina, anasuzumira kumbuyo kwake.

"Achemwali, mwasokoneza mabotolo inu! Mutu uli ku ukwati eti? Uyu ndi wodwala."

"Sindinasokoneze, Mzee. Ndabwereza kawiri."

"Aaa, ndiye mwini wake ndani? Ameneyu akaonane ndi dokotala msanga, zala zisanapindike."

Mantha anamugwira Eliwaza. Amayi ake kumudzi ku Marangu zala zinawapindika mpaka batani la bulauzi ankachita kuwamangira. Zinawayamba ali ndi zaka 34, ndipo iye anali atangokwanitsa 33. Miyezi itatu tsopano ankadzuka manja ali gwa, n'kumanamizira kuzizira kochokera kuphiri lapafupi. Ndipo ntchito iyi ndi ya zala basi, kudonthetsa timadzi kadontho kamodzikamodzi tsiku lonse.

"Ndikamuuza," anatero chapansipansi.

Mzee anaseka, n'kutulutsa kabotolo ka 14 mufiriji. "Musakauze munthu zabodza. Tsegulani tiyezenso kachitatu, ndikuonerera ndekha."

Eliwaza anagwira chitsekerero ndi zala ziwiri, napotoza. Sichinasunthe. Anayesanso, ululu n'kuthamanga mpaka m'chigongono.

Mzee Kibwana anasiya kuseka. Anayang'ana kabotolo, kenako kapulasitala kamene kadali pamkono wa Eliwaza. Anatenga kabotoloko n'kumutsegulira, monga mmene Eliwaza ankawatsegulirira mabotolo amayi ake.