Zahra Apita Kukaona Mlongo Wake

Saleh anagwira ntchito yolowa pansi pa nyanja zaka makumi atatu, kuperekeza alendo kukaona sitima zomira kufupi ndi doko la Massawa. Koma panali sitima imodzi imene sankapitako ndi mlendo, ngakhale amuchonderere bwanji. Inali yonyamula mchere, ndipo inamira chaka cha nkhondo itadzaza anthu othawa mabomba. Mmodzi mwa anthuwo anali mlamu wake Hamid, mlongo wa mkazi wake Zahra.

Kamodzi pachaka Saleh ankatsikirako yekha. Akabwerako, Zahra ankamukazingira khofi n'kumufunsa, "Mwamupeza?"

"Ndamupeza. Ali pompaja, pafupi ndi zenera."

Chaka chimene tsitsi la Zahra linayereratu, iye anaika kapu patsogolo pa mwamuna wake n'kunena kuti, "Ulendo uno tipita tonse."

Saleh anaseka mpaka kutsamwa. "Mayi a Nuru, inu amene mumakuwa madzi akangofika m'mawondo?"

"Mwaphunzitsa azungu angati? Ine ndiye ndikukanikeni?"

"Azunguwo amamva zonena zanga."

"Nanenso ndizimva. M'madzi mokhamo."

Anayamba pamalo osaya, kuseri kwa maboti a asodzi. Zahra ankavala chovala cha mphira cha mwamuna wake, pamwamba n'kuvala diresi lalitali, ndipo amayi ogulitsa nsomba ankagwira nthiti ndi kuseka. Tsiku loyamba anamwa madzi amchere n'kutukwana Saleh ndi abale ake onse. Sabata yachitatu anaphunzira kupuma ndi paipi m'kamwa, botolo la mpweya lili kumsana. Saleh, amene sankachedwa kukalipira alendo, kwa mkazi wake ankangoti, "Pang'onopang'ono, mayi. Tiyesenso." Koma mtima wake sunali m'malo, pakuti ankadziwa chimene Zahra akachione kumeneko.

Patatha miyezi itatu, m'mawa wina nyanja ili bata, anakwera boti n'kupita. Saleh anamumanga malamba, n'kuwayesa kawiri, kenako kachitatu.

"Bambo a Nuru, mundidula pakati."

"Mukachita mantha mundifinye dzanja, tikwera."

"Inuyo mukachita mantha muchitenso chimodzimodzi."

Anatsika atagwira chingwe. Sitimayo inaoneka pang'onopang'ono, itagona cham'mbali, thupi lonse litamera zomera za m'nyanja zofiira ndi zachikasu. Tinsomba tinkalowa ndi kutuluka pamazenera. Saleh anamutsogolera ku zenera lalikulu n'kuunikira tochi m'kati.

M'chipindamo munali mchenga, ndipo mumchengamo munali mafupa ambiri osakanikirana, aakulu ndi aang'ono. Pakona panali ketulo, ndi nsapato ya pulasitiki ya mwana. Panalibe chosonyeza kuti uyu ndi uje.

Saleh anadikira kuti dzanja lake lifinyidwe, koma silinafinyidwe. Zahra anangogwira chitsulo cha zeneralo n'kuyang'ana, thovu likukwera mwakachetechete kuchokera pakamwa pake. Kenako anaona chidutswa cha ukonde wakale chitakola pakhomo la chipindacho, nayamba kuchikoka. Saleh anatulutsa mpeni n'kumuthandiza. Atamuonetsa kuti mpweya watsala pang'ono, Zahra anakweza chala chimodzi, kupempha kamphindi. Saleh anamupatsa.

Atabwerera m'boti, Zahra anavula magalasi oonera m'madzi, madzi akutsika m'masaya. Saleh anadzitangwanitsa ndi zingwe zimene zinali kale bwinobwino.

"Munandinamiza," anatero Zahra.

"Ndinakunamizani."

"Zaka zonsezi. Eti pafupi ndi zenera."

"Ulendo woyamba munandifunsa muli ndi pakati pa Nuru, musakudya, musakugona. Ndikanati chiyani? Pambuyo pake ndinasowa pobwezera mawu." Saleh anakanda chibwano. "Ndinkangosankha amene ali pafupi n'kumuuza za kunyumba."

"Ndiye pali munthu wa eni kumeneko amene akudziwa zonse za m'nyumba mwanga?"

"Ngakhale za mwendo wanu uja."

Zahra anaseka, kusekako n'kusanduka kulira, ndipo Saleh anamufunditsa thaulo n'kukhala naye pafupi mpaka analeka.

"Ndapereka moni kwa onse," anatero Zahra akupukuta mphuno. "Hamid sankakonda kukhala yekha. Mukukumbuka mmene ankadzazira nyumba ndi anzake, amayi n'kumadandaula za shuga?"

"Ndikukumbuka. Mmodzi wa anzakewo ndinali ine."

"Inu ndiye munkamaliza shugayo."

Madzulo a tsikulo kunabwera Letebrhan wa nyumba yoyandikana nayo, amene mwamuna wake anamiranso m'sitima yomweyo. Zaka zonsezi anali asanamufunsepo Saleh kanthu. Anakhala pampando waufupi, Zahra akupepeza makala a khofi, ndipo Saleh ali panja akutsuka mabotolo anamva mkazi wake akufotokoza zonse, osabisa: mchenga, ketulo, tinsomba, ndi kuwala kwa dzuwa kumene kumafika mpaka pansi.

Letebrhan anamvetsera atagwira kapu ndi manja awiri. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Nanga madziwo, achemwali, amazizira?"

"Ayi," anatero Zahra. "Ndi ofunda ndithu. Ndinadabwa nane."