Tsiku Lotsekulira Chimbudzi cha Padoko

Mwayi adayamba kugwira pamimba mlendo wolemekezeka asadafike n'komwe. Mayi wake, Edina, adaona kadzanja kake kakufinya pamchombo. Mvula ya sabata yonse idali itagwetsa chimbudzi chawo, ndipo patchire padali madzi olekeza m'mawondo, omwewonso anthu ankatunga. Edina adafika Fomu 4. Ankadziwa bwino kumene kolera amayambira.

Chimbudzi chatsopano, chomwe bungwe lina lidamanga padoko, chidali pomwepo, choyera mbee, riboni yofiira itatchinga pakhomo. Chidatha kalekale, koma a Bizweki, tcheyamani wa padokopo, ankati sichingatsekulidwe popanda mwambo.

Podikira mlendoyo, a Grain, mphunzitsi wopuma ntchito, adalanda maikolofoni.

"Abale anga, mawu oti pulambala adachokera ku Chilatini, ku dzina la mtovu! Aroma ankasula mapaipi a mtovu makolo athu akadali kupita patchire!"

"Ife tikupitabe, aphunzitsi!" adakuwa msodzi wina. Anthu adaseka.

"Amama, kubiba," adanong'ona Mwayi, miyendo ataiphatika.

Edina adakanjuta pambali pa a Bizweki. "Pepani bambo, mwanayu watsekula m'mimba. Mwina kiyi..."

"Mwambo ndi mwambo, mayi. Apirire."

"Pomwe toileti ndi Chifalansa," a Grain adapitiriza, "ndiye kuti kansalu kakang'ono!"

Koma maso a Edina sankakhala pamodzi. Adaona kuti loko wapachitseko adangokolekedwa, wosatseka. Adanyamula mwana, n'kuwerama pansi pa riboni, n'kukankha chitseko.

Fungo lomwe lidawalandira silidali la penti. Matemba! Matumba ake mpaka kudenga, ouma bwino pasimenti, lililonse lolembedwa dzina la a Bizweki. Edina adakokera thumba limodzi panja kuti apeze njira, n'kukhazika Mwayi pampando woyera wa chimbudzicho. Thumbalo litapinga pakhomo, chitseko sichikadatsekekanso.

Khamu lonse lidatembenuka. Kumsewu kudamveka hutala ya galimoto ya mlendo.

"Kodi n'chifukwa chake mwambowu umangosunthidwa?" adafunsa msodzi uja. "Aphunzitsi, nanga pa Chilatini nkhokwe ya matemba amati chiyani?"

A Bizweki adathamangira pakhomopo, thukuta lili kamukamu. "Mayi, chonde, tulukani msanga ndibwezeremo thumbali!"

Edina adasisita Mwayi pamsana, maso ali pansi mwaulemu.

"Pirirani, bambo. Mwana sanamalize."