Nkhani ya M'matumba a Anthu

Lolemba m'mawa, mnyamata wina wamtali analowa mu shopu yathu yosoka atanyamula jekete losang'ambika paliponse.

"Mundisokere thumba," anatero.

"Liti? Onsewa ali bwinobwino," anayankha azakhali anga, eni shopu, akulitembenuza.

Iye anapisa chala m'thumba lamkati n'kuling'amba ife tikuona. "Ili."

Nditamufunsa dzina loti ndilembe pa kapepala, anangomwetulira n'kutuluka.

Kwa miyezi itatu ndinali ndikulemba nkhani yachikondi m'njira yangayanga: chiganizo chimodzi pa kansalu koyera, n'kukasokerera m'thumba la chovala chilichonse chimene ndakonza. Mphunzitsi anapita ndi chiyambi, wometa tsitsi ndi mkangano, namwino ndi misozi. Panalibe amene anali nayo yonse. Azakhali anali atandichenjeza: "Iwe, anthu amapisa m'thumba kufuna makiyi, osati mabuku. Mwezi uno ukatha popanda wodzafunsa za nkhani yakoyo, usiye kundithera ulusi."

Kunali kutatsala masiku anayi.

Lachitatu mlendo uja anabweretsa buluku, Lachinayi malaya, osatchula kanthu za nkhani. Azakhali anamupatsa dzina. "Chiswe chako chija chafika, bisa makatani!"

Lachisanu anabwera chimanjamanja. Anatulutsa tinsalu makumi atatu, tina tofwifwa ndi kuchapa, n'kutiyala pa tebulo lodulirapo.

"Koyamba ndinakapeza mu jekete limene anandipatsa akulu anga," anatero. "Tina tonseti ndachita kupempha khomo ndi khomo. Wometa uja anakaniza kake mpaka nditameta kawiri."

Ndinawerenga. Anali atatisanja mwa iye yekha: kutsanzikana poyamba, kukumana kumapeto. Nkhani imene ine ndinkaiyesa yachisoni inathera pa anthu awiri akupatsana moni podikira basi.

"Mwaisokoneza," ndinatero.

"Munaikapo manambala, chemwali?"

Azakhali anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anatsegula kabati n'kundiponyera ulusi watsopano.

"Lemba, mwanawe. Koma inu achimwene, mukadzang'ambanso chovala dala, ndidzakusokani zala."

Mnyamatayo asanatuluke, anatola kansalu kopanda kanthu, n'kulembapo, n'kundipatsa atakapinda panayi.

"Aka si ka nkhani ayi."

Ndinadikira mpaka atakhota pa ngodya, kenako ndinakatambasula. Linali dzina lake lenileni, lalifupi, lokoma kutchula. Ndinalitchula kawiri motsitsa mawu, makina a azakhali akulira, kuti asandimve.