Kangalawa ka Kudenga

Ndaziona analota akusesa m'katchalitchi ka matabwa ka Alutherani, pa chilumba cha ku Norway kumene anakwatiwa. Madzi a m'nyanja anali atalowa mpaka m'mawondo, koma iye ankasesabe, poti linali tsiku lake losesa.

Kudenga kunkalendewera kangalawa kosema, mphuno yake italoza ku guwa. Atakweza maso anaona mwamuna wake Torleif ali m'katimo, wamfupi ngati chala, akukapa madzi ndi chipewa. Linali tsiku lachitatu boti lake losodzera lisanabwerere, ndipo kangalawako kankasendera ku guwa pang'onopang'ono.

Pa benchi lakutsogolo panakhala apongozi ake, mayi Solveig, amene anaikidwa m'manda chaka chatha. Ankaluka sokosi.

"Amayi, mwana wanu akupita kuti?" anafunsa Ndaziona.

"Kumene anapita malemu bambo ake. Ngalawa ya m'tchalitchi imaloza ku guwa, mpongozi. Ikafika, wafika."

"Koma kunyumba ndi kukhomo uku."

"Mukhoza kuitembenuza. Ine ndinayesapo."

Ndaziona, mwana wa ku Ntcheu wosadziwa ndi kusambira komwe, anasanjikiza mabenchi atatu nakwera, mtima uli m'mwamba. Anagwira kangalawako ndi manja awiri n'kukalozetsa kukhomo. Chitseko chinatseguka chokha. Kunaoneka doko, ndi nyumba yawo yofiira, malaya a Torleif ali pachingwe monga anawayanikira. Torleif anavala chipewa chake chonyowacho nayamba kupalasa.

Koma chingwe chopachikira kangalawa chinali chitapotana, ndipo chinkakoka kuti chibwerere mwakale. Mikono ya Ndaziona inayamba kuyaka moto. Anachita mantha kuposa tsiku lina lililonse chibadwire.

"Amayi, ndigwire mpaka liti?"

"Mpaka afike."

"Nanga inu munagwira mpaka liti?"

Apongozi sanakweze mutu. "Mpaka foni inalira. Ndinadzuka kukayankha."

Pomwepo Ndaziona anaimva. Inkalira kutali, kunja kwa maloto, pafupi ndi pilo wake. Mwina anali Torleif, ali padoko, akufuna tiyi. Mwina anali ofufuza maboti osowa panyanja, ndi mawu awo aulemu. Analibe dzanja lachitatu loti akadziwire.

Foni inalira, inaleka, inayambanso. Torleif anali akadali kutali ndi khomo.

"Mpongozi, akukuitanani," anatero apongozi.

Ndaziona anatsinzina zolimba, nagwiritsa.